Mbewu ya chimanga: ya makolo, ya haibridi, kapena yobwereza?

Chaka china azakhali anga anagula mbewu ya haibridi, mvula n'kugwa bwino, nkhokwe n'kudzaza mpaka chimanga china kuchisunga m'matumba pakhonde. Pokolola anachita zimene amayi awo anawaphunzitsa. Anapatula zitsononkho zikuluzikulu za mizere yowongoka, n'kuzipachika kukhitchini pamwamba pa mafuwa kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. Mvula yobzalira itagwa, anabzala mbewu imeneyo m'munda womwewo, feteleza n'kuthira monga chaka chatha. Koma chimene chinamera chinawazunguza mutu. Mapesi ena anali aatali, ena ongofika m'chiuno. Ena anamasula msanga, anzawo akadali kukula. Zitsononkho zokongola zinalipo apo ndi apo, koma zambiri zinali zazing'ono. Nditapita kukawaona anandiperekeza kumunda, n'kundifunsa kuti, "Mwana wa achimwene, si paja amati make mbuu, mwana mbuu? Nanga chimangachi chatengera ndani?"

Chinatengera agogo ake. Ndipo aliyense amene akuganiza zoti abzale chiyani chaka chino ayenera kumvetsa yankho limeneli asanatulutse ndalama m'thumba, chifukwa kusiyana kwa mbewu zimene tili nazo sikuli pa dzina kapena pa utoto wa njere. Kuli pa zimene zabisika m'kati mwa njereyo, ndi mmene zidzaonekere mwa ana ake.

Mmene chimanga chimatengera kumtundu

Phesi limodzi la chimanga lili ndi mbali yamphongo ndi mbali yaikazi. Ngayaye pamwamba paja ndiyo yamphongo, imatulutsa mungu. Ndevu zotuluka pa chitsononkho ndizo zolandira munguwo, ndipo ndevu iliyonse imatsikira ku njere imodzi. Izi ndi zofunika kuzisunga m'mutu: njere iliyonse pa chitsononkho imaberekedwa payokha. Mayi ndi mmodzi, phesi lija, koma abambo angathe kukhala ambiri, chifukwa mphepo imanyamula mungu kuchoka pa ngayaye za mapesi ena, ngakhale za m'munda wa mnzanu wa m'malire. Mapesi odzibereketsa okha ndi ochepa kwambiri. Mukaona njere zachikasu kapena zofiirira zili mbuu pakati pa zoyera pa chitsononkho chimodzi, mukuona ndi maso anu kuti mungu unachokera kwina.

M'kati mwa njere muli majini, malangizo a chibadwa amene amanena kuti chomera chitalike bwanji, chikhwime liti, njere ikhale yolimba kapena yofewa, makoko atseke bwino kunsonga kapena ayi. Majiniwa amakhala pa timizere totchedwa makromozomu, ndipo chimanga chili ndi 20, khumi ochokera kwa mayi, khumi kwa bambo. Choncho pa khalidwe lililonse chomera chimanyamula malangizo awiri. Nthawi zina awiriwo amagwirizana, nthawi zina ayi, ndipo akasiyana kawirikawiri limodzi limaphimba linzake. Lophimbidwalo silifa. Limangokhala chete, kudikira m'badwo umene lidzakumane ndi linzake lofanana nalo.

Amene anayamba kuwerengera bwino zimenezi ndi Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, m'dziko la Czech lero, amene anasindikiza zotsatira za ntchito yake pa nsawawa mu 1866. Anakwatitsa nsawawa zazitali ndi zazifupi, ana onse n'kubadwa aatali. Koma anawo atabereka, ufupi uja unatulukiranso, pafupifupi chomera chimodzi pa zinayi zilizonse. Kumudzi timazidziwa kale izi ngakhale sitiwerenga: mwana amabadwa ndi mphuno yosafanana ndi ya bambo kapena mayi, agogo n'kunena kuti "imeneyi ndi ya malemu amalume." Munda wa azakhali unali kuchita zomwezo, kungoti pa majini zikwizikwi nthawi imodzi.

Chimanga cha makolo

Timachitcha cha makolo, koma kwawo kwenikweni ndi ku Mexico, kumene anthu anachiweta kuchoka ku udzu wotchedwa teosinte zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Chinafika ku Africa ndi amalonda a Chipwitikizi m'zaka za m'ma 1500, ndipo kuno kwathu chinalanda malo a mapira ndi mawere pang'onopang'ono. Chomwe chimachititsa kuti chikhale chathu ndi mibadwo ya amayi amene ankasankha mbewu chaka ndi chaka. Iwo sankayang'ana kukula kwa chitsononkho kokha. Ankafuna njere yolimba, yonyezimira ngati mwala, yosaphwanyika mumtondo. Ndi chifukwa chake chimanga cha makolo chikakonoledwa mphale imatuluka yambiri, gaga wochepa, ndipo ufa woyera wake umapita patali. Nsima yake imakhala m'mimba. Makoko ake amatseka chitsononkho mpaka kunsonga, kotero mvula yam'mapeto silowa, ndipo anankafumbwe amavutika kuboola njere yake m'nkhokwe.

Munda wa chimanga cha makolo uli ngati mudzi. Mapesi ake ndi apachibale koma palibe awiri ofanana ndendende. Ena amapirira ng'amba, ena amapirira chiwawu, ena amakhwima msanga. Chaka chovuta si onse amagwa. Kusiyanasiyana kumeneku ndiko chuma chake chenicheni, ndipo ndi chifukwa chake mbewu yake mungaibwereze zaka zonse osaona kugwa kwadzidzidzi ngati kumene kunachitikira azakhali. Mitundu yakenso si umodzi. Pali kanjerenjere ndi kagolo, zazing'ono koma zofulumira, zimene zimapulumutsa banja mu Febuluwale njala ikakhwima. Ku Dedza ndi madera ena kuli mthikinya, cha njere zofiirira ngati dzungu, chimene mtundu wake umasonyeza kuti chili ndi zinthu zomwe thupi limasandutsa vitamini A.

Ndimachikonda chimanga ichi, koma sindingakubisireni zofooka zake. Mitundu yambiri ya makolo imatalika kwambiri ndi kuchedwa kukhwima, ndipo masiku ano mvula imatha kuleka mu Malichi chimanga chisanakhwime. Mukachithira feteleza wambiri, mphamvu yochuluka imapita ku phesi ndi masamba osati ku njere, ndipo mphepo ikawomba chimagona. Pa munda umodzi, feteleza mmodzi, chaka cha mvula yabwino, haibridi amachisiya kutali pa matumba. Banja lokhala ndi theka la ekala silingadye kukoma kwa nsima kokha.

Palinso nkhani imene ambiri safuna kuimva. Chimanga chambiri chimene lero timachitcha cha makolo chasakanikirana kale ndi haibridi wa m'minda yoyandikana. Minda yathu ndi yaing'ono ndi yogundana, ndipo mungu sudziwa malire. Izi sizoipa zokhazokha, chifukwa magazi atsopano nthawi zina amawonjezera zokolola, koma ngati mukufuna kusunga kulimba kwa njere muyenera kusankha mbewu mwadala, apo ayi mudzazindikira patapita zaka kuti dzina lokha ndi limene latsala. Mitundu ina inasungidwa ku nkhokwe ya mbewu ya dziko ku Chitedze ndi ku nkhokwe ya maiko a SADC pafupi ndi Lusaka, koma mbewu ya mufiriji siphunzira nyengo yatsopano. Imene imasintha pamodzi ndi mvula ya kwanu ndi imene ikubzalidwa.

Haibridi

Kuti mumvetse haibridi, yambani ndi makolo ake, amene mlimi sawaona. Akatswiri amatenga phesi la chimanga n'kulikakamiza kudzibereketsa lokha: amaphimba ngayaye ndi chitsononkho ndi timapepala, n'kuthira mungu wa phesilo pa ndevu zake zomwe. Amabwereza zimenezi mibadwo isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri. M'badwo uliwonse chimanga chimafupika, chimafooka, zitsononkho zimachepa, mofanana ndi mmene mbuzi zimathera mphamvu m'khola ngati tonde mmodzi akukwera ana ake ndi zidzukulu zake. Pamapeto pake pamatsala mzere wa chimanga chonyozeka, koma chofanana ndendende, chimene malangizo ake awiri pa jini lililonse ndi amodzi.

Tsono mukatenga mizere iwiri yotere, yosakhala pachibale, n'kuikwatitsa, ana ake amatuluka amphamvu modabwitsa, kuposa makolo onse awiri. Chifukwa chachikulu n'chakuti pamene mzere wina uli ndi jini lofooka, winawo uli ndi labwino lolikwirira. George Shull wa ku America ndi amene anafotokoza njirayi mu 1908. M'minda yopangira mbewu amabzala mizere ya mayi ndi mizere ya bambo moyandikana, ndipo antchito amadutsa kuzula ngayaye zonse za mayi zisanatulutse mungu. Njere zokolola pa mayi ndizo zimene mumagula m'paketi. Ntchito imeneyi, ndi kukolola kochepa kwa makolo ofooka aja, ndi zina mwa zimene zimakweza mtengo wake.

Dera lathu lino lili ndi mbiri yake pa nkhaniyi. SR52, amene anatulutsidwa mu 1960 ku Salisbury, Harare ya lero, amadziwika kuti ndi haibridi woyamba wa makolo awiri kugulitsidwa kwa alimi pa dziko lonse. Koma ku Malawi haibridi anatenga nthawi kuti alowe m'mitima ya anthu, ndipo chifukwa chake chinali mumtondo. Mitundu yoyamba inali ya njere zofewa zolowa pamutu. Amayi akakonola, theka limasanduka gaga, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe ankachita phwando. Alimi ambiri ankalima haibridi wogulitsa, cha makolo n'kusunga chodya. Zinthu zinayamba kusintha mu 1990 pamene akatswiri a ku Chitedze, mogwirizana ndi CIMMYT, bungwe la padziko lonse lofufuza za chimanga ndi tirigu, anatulutsa MH17 ndi MH18, a njere zolimbirako zokonoleka. Ndimaitchula nkhaniyi chifukwa imasonyeza kuti amayi okana haibridi aja sanali osaphunzira. Ankayeza mbewu ndi muyeso wa ufa wolowa mumphika, osati wa matumba otuluka m'munda.

Lero m'masitolo muli mitundu yambiri: ya MH yochokera ku kafukufuku wa boma, ya DK, ya PAN, ndi ya SC imene alimi amaidziwa ndi maina a nyama. Kanyani, SC403, ndi wofulumira. Mkango, SC627, ndi wapakatikati. Njovu, SC719, amachedwa koma amabereka kwambiri kumene mvula imakhalitsa. Lamulo lake n'losavuta: wochedwa amakhala ndi masiku ambiri odzaza njere, choncho amapambana mvula ikakwana, koma ikaduka msanga ndi amene amagwa kwambiri. Mlimi wa ku Chikwawa kapena Balaka ndi mlimi wa kumtunda kwa Dedza kapena Mzimba sayenera kugula paketi imodzi chifukwa choti mnzawo anaitamanda pa WhatsApp.

Mphamvu ya haibridi ndi kufanana kwake. Munda wonse umamasula pamodzi, umakhwima pamodzi, ndipo feteleza amene mwathira amasanduka njere. Koma kufanana komweko ndi pamene pali chiopsezo. Ng'amba ya masabata awiri ikagwa nthawi imene munda wonse ukutulutsa ndevu, palibe phesi lofulumira kapena lochedwa loti lipulumuke. Matenda akapeza khomo pa phesi limodzi, apeza pa onse. Ku America mu 1970, haibridi wochuluka anali wochokera kwa amayi a chibadwa chimodzi chotchedwa Texas cytoplasm, chimene makampani ankachikonda chifukwa sichinkafuna kuzula ngayaye. Kunabwera chiwawu cha masamba chimene chinkagwira chibadwa chimenecho, ndipo dzikolo linataya pafupifupi 15 peresenti ya chimanga chake m'chaka chimodzi.

Chinthu china chowawa ndi mbewu yachinyengo. Ine ndinagulapo paketi pa msika wina, mvula itagwa kale, ndili pa changu. Njere zinali zopaka utoto bwinobwino. Zinamera mwa apo ndi apo, ndipo zimene zinakula zinali zosiyana misinkhu ngati ana a sukulu ya mkaka ndi a sekondale pamzere umodzi. Utoto uja ndi mankhwala oteteza njere basi, aliyense angathe kupaka chimanga cha m'nkhokwe. Gulani kwa wogulitsa wovomerezeka, onani chizindikiro cha boma pa paketi ndi tsiku limene mbewu inayezedwa, ndipo sungani lisiti ndi paketiyo mpaka chimanga chitamera.

Kubwereza haibridi

Iyi ndi njira imene palibe mlangizi amailimbikitsa, koma ndi imene anthu ambiri amatsata ndalama zikasowa, choncho tiyeni tiikambe moona. Choyamba, si zoona kuti njere za haibridi sizimera kapena kuti makampani anazithira mankhwala ozipha. Zimamera bwinobwino. Chimene chimachitika n'chomwe Mendel anaona pa nsawawa. Majini a agogo awiri aja, amene anakwirirana bwino mwa haibridi, amamwazikanso. Phesi lina limalandira jini lofooka kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo palibenso lolikwirira.

Kugwa kwake kumadalira kuchuluka kwa makolo. Haibridi wa mizere iwiri akabwerezedwa amataya theka la mphamvu yoonjezera imene anali nayo pamwamba pa makolo ake. Wa mizere itatu amataya zoposa pang'ono gawo limodzi mwa atatu. Wa mizere inayi amataya gawo limodzi mwa anayi. Ndi chifukwa chake mlimi wina amalumbira kuti anabwereza ndipo sanaone kusiyana kwenikweni, pamene wina analira. Onse akunena zoona, anabwereza mbewu zosiyana. Ndipo kusankha chitsononkho chachikulu pa haibridi wogula kumene sikuthandiza kwenikweni, chifukwa mapesi a m'mundamo ndi ofanana kwambiri chibadwa. Chachikulucho chinangomera pa chulu kapena pamene panagwera manyowa ambiri. Azakhali anasankha nthaka, osati majini.

Pali mfundo ina imene imanenedwa kawirikawiri molakwika. Anthu amaganiza kuti mbewu yobwereza imatsika chaka ndi chaka mpaka kutheratu. Kugwa kwakukulu kumachitika pa kubwereza koyamba. Pambuyo pake, ngati mapesi ndi ambiri ndipo akubereketsana momasuka, majini amakhazikika pa mlingo umodzi, monga anasonyezera Hardy ndi Weinberg mu 1908. Kuchokera pamenepo chimanga chanu chasanduka mudzi wa mapesi osiyanasiyana, ndipo kusankha mbewu kumayambanso kukhala ndi tanthauzo. Koma mudziwo ndi wochokera kwa agogo awiri, atatu kapena anayi okha, ndi wopapatiza kuposa cha makolo. Maganizo anga ndi akuti ngati mukudziwiratu kuti chaka chamawa simudzagula mbewu, musayambe ndi haibridi.

Mbewu yamakono yololedwa kubwereza

Pakati pa cha makolo ndi haibridi pali mbewu imene alangizi amaitcha OPV, ena amati kompoziti. Akatswiri amasonkhanitsa makolo ambiri abwino, kuwalola abereketsane, n'kumasankha mibadwo ingapo mpaka gululo likhale ndi khalidwe lodziwika: kufulumira, kupirira ng'amba, kupirira nthaka yoguga. Ndi chimanga chokonzedwa ku kafukufuku koma chomangidwa ngati cha makolo, mapesi ake apachibale osafanana ndendende. Kuno timadziwa ZM 309, ZM 523 ndi ZM 621, zochokera ku ntchito ya CIMMYT ndi akatswiri a boma. ZM 309, imene inakhazikitsidwa mu 2009 pamodzi ndi ZM 523, alimi anaipatsa dzina loti Msunga banja chifukwa chofulumira kucha.

Pa chaka chabwino ndi feteleza wokwanira, mbewu imeneyi imabereka kuposa cha makolo koma siifika pa haibridi wabwino. Ubwino wake umaoneka chaka chachiwiri ndi chachitatu, pamene mnzanu akuyenera kugulanso makilogalamu 10 pa ekala kapena 25 pa hekitala, inu mukutapa m'nkhokwe yanu ndipo ndalama yonse ikupita ku feteleza. Alangizi amati muibwereze mpaka zaka zitatu kenako mugule yatsopano. Si kuti mbewuyo imatopa. Ndi mungu wa minda ya anzanu umene umaisintha pang'onopang'ono.

Apa mpamene ndikufuna kukhalitsa pang'ono, chifukwa kubwereza mbewu ndi luso, ndipo malangizo ake ndi amodzi kaya ndi ZM kaya cha makolo. Mbewu isankhidwe kumunda, osati pankhokwe. Pankhokwe mumaona chitsononkho chokha. Kumunda mumaona mayi wake: ngati anagona ndi mphepo, ngati masamba anapsa ndi chiwawu, ngati anapirira kaufiti, ngati anabereka bwino ali pakati pa anzake osati payekha pamene mapando oyandikana sanamere. Sankhani pakati pa munda, kusiya mizere ya m'mphepete imene imalandira mungu wachilendo wambiri. Munda wa mbewu ukatalikirana ndi minda ina mamita 200 ndi bwino, ndipo ngati malo palibe, kusiyanitsa nthawi yobzala ndi masabata atatu kapena anayi kumathandiza kuti ngayaye zisamasule pamodzi. Mbewu ya kudimba nthawi yachilimwe imatuluka yoyera pa chifukwa chomwechi.

Ndipo musatenge mbewu pa zitsononkho zochepa. Ili ndi vuto limene ambiri sitilizindikira. Zitsononkho makumi awiri zingakwane kubzala kamunda, koma mukatero chaka ndi chaka munda wonse umasanduka ana a amayi ochepa, chibale chimayandikana, ndipo kufooka kuja kwa mbuzi za tonde mmodzi kumayamba. Majini ena abwino amangotayika mwangozi chifukwa sanagwere m'dengu. Tengani pa mapesi 200 kapena kuposa, pang'onopang'ono pa chitsononkho chilichonse, n'kusakaniza. Ngati munda ndi wochepa, gwirizanani ndi abale kapena a pakalabu amene akulima mtundu womwewo, muzisinthana. Agogo athu akamapempha mbewu kumudzi wina pobwera ku ukwati kapena kumaliro ankachita ntchito yomweyi.

Pa mbewu zina kusamala mungu n'kofunika kwambiri. Chimanga cha QPM, chokhala ndi zomanga thupi zabwino, chimadalira jini lophimbidwa lotchedwa opaque-2, ndipo ubwino wake umaoneka pokhapokha njere italandira jinilo mbali zonse. Mungu wa chimanga wamba ukagwera pa ndevu zake, njereyo imaoneka bwinobwino koma ubwino uja palibe.

Nanga za GMO?

Ambiri amasokoneza haibridi ndi GMO, koma ndi zinthu ziwiri. Haibridi ndi chimanga chokwatitsidwa ndi chimanga chinzake. GMO ndi pamene jini latengedwa kwina n'kulowetsedwa mu labotale, monga jini la kachilombo ka m'nthaka kotchedwa Bt limene limapha mbozi zikadya tsamba. Ku South Africa chimanga chotere chalimidwa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ufa wambiri umene abale athu a ku Joni amagula ndi wochokera ku chimenechi. Pa njala ya 2002 dziko la Zambia linakana chimanga chathandizo cha GMO, pamene Malawi anachilandira koma chogayidwa kuti chisabzalidwe. Kuno mbewu ya mtunduwu imene inayamba kuyesedwa ndi thonje, ku Bunda mu 2013. Kwa mlimi amene akusankha chimanga, chofunika kudziwa n'chakuti jini lotere limayikidwa mwa haibridi, choncho zonse tanena za kubwereza zimagwiranso ntchito, ndipo mbozi nazonso zili ndi kusiyanasiyana kwa chibadwa: zochepa zopirira zikapulumuka n'kuswana, mphamvu ya jinilo imachepa. Zinachitika kale ku South Africa ndi kapuchi.

Ndiye tibzale chiyani?

Ngati muli ndi feteleza wokwanira, wokulitsa ndi wobereketsa, munda wanu ndi wachonde, ndipo mukudziwa kuti chaka chamawa mudzakwanitsa kugulanso mbewu, bzalani haibridi wogwirizana ndi kutalika kwa mvula ya kwanu. Palibe mbewu ina imene ingakubwezereni ndalama ya feteleza ngati iyeyo. Konzekeraninso zosungira, matumba osalowa mpweya kapena mankhwala, chifukwa matumba oonjezera aja angathere kwa anankafumbwe pofika Okutobala.

Ngati ndalama ndi yokayikitsa, ndipo mukuyenera kusankha pakati pa paketi ya mbewu ndi theka la thumba la feteleza, ine ndingakulozereni ku ZM. Vuto lake ndi kuipeza, chifukwa wogulitsa amapindula kwambiri ndi mbewu imene mudzabwerenso kudzagula chaka chamawa. Funsani alangizi a dera lanu kapena makalabu ochulukitsa mbewu, ndipo funsani msanga, osadikira mitambo.

Cha makolo musachitaye, ngakhale mutakhala ndi ndalama zotani. Chipatseni ngodya yake, kutali ndi haibridi mmene mungathere, pamodzi ndi maungu, nyemba ndi nandolo monga kale. Chimenechi ndi chodya cha miyezi yam'mapeto, pamene chofewa chija chafumbwa, ndipo majini olimbitsa njere amene anapangitsa haibridi kukonoleka amachokera ku chimanga cha njere zolimba ngati chimenechi. Mlimi amene wabzala mitundu iwiri kapena itatu yosiyana nthawi yomasula sagwa ndi ng'amba imodzi.

Azakhali tsopano amagula paketi imodzi ya haibridi wofulumira ya munda wa kuseri kwa nyumba, kumene kumafika manyowa a m'khola, ndipo zokolola zake amadya kapena kugulitsa, osasungako mbewu. Munda wakutali kutsidya kwa dambo amabzala cha makolo chimene anakapempha kwa apongozi awo. Chimanga chikayamba kuuma mu Epulo, amang'amba chitenje chakale timizeremizere, n'kulowa pakati pa munda ndi mdzukulu wawo, kumanga kansalu pa phesi lililonse limene laima chilili, la makoko otseka bwino. Chaka chatha anamanga mapesi oposa 200, ndipo mdzukuluyo ndi amene ankawerenga.